Zitenje za Bwana Miracle

Dzuwa litapendeka, Evelesi anatola ndowe zouma za ng'ombe, nkuziunjika m'phale pakhonde, nkuziyatsa. Utsi wa ndowe si wa fungo lokoma, koma ku Nyansomba munthu wonyansidwa nawo amachezera kudziwomba mbama. Chaka chimenecho udzudzu unachita kunyanya, chifukwa Shire ndi Ruo anali atasefukira pamodzi, madzi nkuzinga mudzi mbali zonse. Msewu wa ku Makhuwira unali utaduka. Nsanja ya mafoni inali itagwa, mafoni nkusanduka zoseweretsa ana. Wofuna mchere, chipatala kapena apolisi ankayenera kukwera boti, ndipo maboti onse a injini anali a munthu mmodzi.

Munthuyo anali Bwana Miracle, amene ankafuna uphungu wa dera lonselo. Sanaimire chipani chilichonse, ankati chipani chake ndi anthu osauka. Kumene anatenga chuma chake aliyense ankakudziwa, koma ukafunsa, aliyense ankayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Ng'ombe zikasowa ku Bangula zinkaoneka zikusambira pa Ruo m'bandakucha, anyamata a zikwanje ali pambuyo pake. Mkulu wa anyamatawo anali Dennis, mlongo wake wa Evelesi wa bere limodzi, yemwe anamulera Evelesiyo makolo awo atamwalira.

Madzi atangolowa m'minda, Bwana Miracle anafika boma lisanadzuke. Anagawa ufa, ndowa ndi zitenje. Ufa unatha, ndowa zinang'aluka, koma zitenjezo zinali nsalu yeniyeni, yolemera, yosasuluka. Pakati pake panali nkhope ya mwiniwake atacheukira pambali pang'ono, moti khutu limodzi linkaoneka lonse. Amayi ankaseka kuti wojambulayo anali ndi chifukwa ndi bwana, khutu kukula ngati mbale ya ndiwo. Kuseka ankaseka, koma kuvala ankavala. Mkazi wa kuchigwa sataya nsalu yabwino chifukwa cha nkhope ili pamenepo. Akamuda mwiniwake amangoonetsetsa kuti nkhopeyo yagwera kumbuyo, azimukhalira. Ankaberekera ana, ankafunda, ankavala kutchalitchi ndi kumaliro. Nyumba zambiri zitseko zinali zitapita ndi madzi, ndiye chitenje china chinkalendewera pakhomo. Evelesi anali nazo ziwiri, chovala ndi chotchinga.

Madzulo amenewo mwamuna wake Augustino anabwera wopanda nsomba. Augustino anali msodzi wa mwadiya, kabwato kosema, munthu wobadwira kutsidya kwa Ruo amene anadzakwatira kuno. Masiku onse ankafika akuimba, koma tsikuli anadutsa mu utsi osatsokomola nkomwe, nkumukodola mkazi wake kuti alowe. Anatsitsa chitenje cha pakhomo, nakhala pamphasa pafupi ndi mwana wawo Glory, amene anali atagona.

"Ndawaona a Symon," ananong'ona.

A Symon anali mkulu wa mpingo, amene ankayenda khomo ndi khomo kukopera anthu kwa mayi wina wopikisana ndi Bwana Miracle. Anali atasowa chichokere kutchalitchi Lamulungu.

"Ali moyo?"

"Nkhabe, ayi. Anali m'boti la achimwene ako, atawakulunga m'neti. Ine ndinali m'mabango, sanandione. A Dennis anagogoda m'mbali mwa boti ndi chikwanje, ng'ona nkuvuuka. Inabwera ngati galu woitanidwa. Pamwendo ili ndi mkanda wofiira, Evelesi. Ng'ona yovala mkanda."

"Tsitsani mawu, bambo a Glory."

"Madzi akaphwa ndikupita ku Chiromo, ndikawauze apolisi. Iwe usauze munthu. Ngakhale Mulungu umuuze chamumtima."

Kutacha, Evelesi anadzutsidwa ndi fungo la matope a pansi pa mtsinje, lija limamveka nkhafi ikavundula pakuya. Pabwalo panali mkukuluzi wonyowa, waukulu ngati pamene akoka thumba la thonje, utazungulira nyumba yonse nkubwerera kumadzi. Mbuzi zinali zitaunjikana pakona ya khola, ndipo palibe imene inalira.

Dennis anafika dzuwa lisanatenthe. Anakhala pampando, anatenga Glory nkumamuseweretsa pabondo, nafunsa ngati chifuwa cha mwanayo chinatha. Kenako anati:

"Alamu, ndamva muli ndi ulendo wa ku Chiromo madzi akaphwa."

Augustino anatembenuka pang'onopang'ono nkuyang'ana mkazi wake.

"Akuti ngakhale Mulungu timuuze chamumtima," anapitiriza Dennis. "Bwana aseka kwambiri mawu amenewo. Ine sindinaseke. Ndawapempha andisiyire nkhaniyi, poti ndinu bambo a mwana uyu. Koma ine ndine galu chabe, alamu, chingwe chili ndi eni ake. Ndikanakhala inu, ndikanasowa."

"Ndisowere kuti? Madoko onse muli anyamata anu."

"Zimenezo ndiye sindikudziwa."

Dennis atachoka, Augustino anatenga neti, mpeni ndi machesi. Evelesi anamugwira mkono.

"Bambo a Glory, sindinauze munthu."

"Tinali awiri m'nyumba muno. Glory sanayambe kuyankhula."

"Ndikulumbira pa manda a mayi anga."

"Ndi achimwene ako. Wopusa ndine, ndinaiwala."

Anakabisala pa chulu china pakati pa dambo, pamene ankaumitsira nsomba zaka za njala. Evelesi ankapadziwa, ndipo panalibe wina womupititsira chakudya. Ankapita ngati wokazula nyika, timbatata ta pansi pa madzi tija timasunga anthu a kuchigwa nkhokwe zikagona. Polowa m'matope ankavula chitenje cha bwana nkuvala chakale chong'ambika, poopa kuwononga nsalu yabwino. Augustino ankalandira mbale osamuyang'ana kumaso. Ankadya chifukwa cha njala, osati chifukwa chomukhulupirira, ndipo izi zinkamupweteka Evelesi kuposa misundu yomwe inkamumata m'miyendo.

M'mudzi zinthu zinayamba kuipa. Bambo wina dzina lake Lucky anauza mkazi wake Rosa ali kuchipinda kuti ufa wa bwana wadya, koma voti yake aponyera mayi uja. M'mawa anamupeza atafa, ali gone pamphasa, thupi lonse lonyowa, m'kamwa modzaza mchenga wa mumtsinje. Rosa anagona naye mphasa imodzi ndipo sanamve kanthu, kupatula madzi akudontha penapake m'nyumbamo. Mkulu wina wotcheza kachasu anangouza mkazi wake kuti a Symon sanadzimize okha, naye anadya mchenga. Mayi wopikisana uja anatumiza munthu wake atadzibisa ngati wogula nsomba zouma, kuti afufuze za a Symon. Anagona kwa mlamu wake, namuululira chimene anadzera. Kutacha kunatsala dengu lake ndi nsapato.

Ena anayesa kuthawa. Fatsani, mmisiri wa njinga, anapangana ndi mkazi wake monong'ona kuti adutsire pa kamtsinje kena ka m'mabango komwe ngakhale asodzi sakadziwa. Atafika pamenepo anapeza anyamata a zikwanje atakhala m'boti, akudya nzimbe, akumudikira. Sanamumenye. Anangomuperekeza mpaka pakhomo pake, namuuza kuti bwana akuti voti iliyonse ndi yofunika, isachoke m'mudzi.

Kuyambira pamenepo dzuwa likamalowa mudzi unkazima. Kunalibe wailesi, kunalibe ana oimba pabwalo. Kunkangomveka achule, ndipo achule akasiya mwadzidzidzi, munthu aliyense ankadziwa kuti chinachake chatuluka m'madzi. Ena ankati anamva chikukwawa kuseri kwa nyumba, chikuima, chikupuma ngati munthu wonenepa wokwera chitunda.

Anthu anayamba kusakasaka kazitape. Ufiti wa ng'ona ankaudziwa kuyambira kwa makolo, koma ng'ona ilibe makutu m'zipinda za anthu. Panali wina woitumizira mawu. Mwamuna anayamba kuopa mkazi wake, mpongozi kuopa mkamwini. Pamaliro anthu ankangoimba, nyimbo ikatha aliyense nkumayang'ana zala zake. Ndipo poti kazitape ayenera kukhala ndi dzina, dzina linapezeka msanga. Ndani winanso kupatula mlongo wa Dennis, mkazi amene ngakhale mwamuna wake anamuthawa? Evelesi akafika pamjigo nkhani zinkaduka, kumangomveka kulira kwa chitsulo.

Atamuika Lucky, amayi anaperekeza Rosa kukasamba monga mwa mwambo, pa doko la amayi kumene mwamuna safika. Gombe linali matope okhaokha, choncho zovala zonse anazisiya kumtunda, pa zitsamba, patali ndithu, nkutsikira m'madzi. Evelesi anatsatira, ngakhale palibe anamuitana. Ali m'madzimo, Rosa mtima unamuphulika.

"Miracle ndiye wandiphera mwamuna. Miracle ndi ng'ona yake. Mfiti, wakuba ng'ombe. Voti yanga saiona, ndipo ndiuza aliyense."

"Khala chete, Rosa," anatero mayi wina. "Ana ako atsala ndi yani?"

"Ndikhaliranji chete? Kazitape wake si uyu waima apayu? Pita ukamuuze, Evelesi. Umuuze abwere lero lomwe."

Amayi anamuthamangitsa Evelesi padokopo, namuuza kuti asadzapondeponso. Pobwerera ena anali atayamba kale kunong'onezana za amene adzalere ana a Rosa. Koma kunacha Rosa ali moyo. Kunachanso, ali moyo, akusesa pabwalo pake. Amayi anati kazitape wachita manyazi. Evelesi yekha ankadziwa kuti panalibe manyazi alionse, chifukwa iye sanauzepo munthu kanthu chiyambire. Funso linamukhala pamtima: bwanji kunong'ona kwa m'chipinda kunkafika kwa bwana, koma kukuwa kwa padoko ayi?

Yankho analipeza pa chingwe choyanikira zovala. Dzuwa la kuchigwa limaumitsa bulangete usanamalize kutsuka mbale, ndipo masana amenewo chilichonse chinali chouma gwa. Poanula chitenje cha bwana, dzanja lake linagunda malo onyowa. Linali khutu. Nsalu yonse youma, khutu lokha lonyowa, lofunda ngati khungu la munthu, likununkha matope. Analikhudzanso ndi chala, ndipo linagwedezeka ngati la mbuzi ntchentche ikatera.

Evelesi anakhala pansi pomwepo. Padoko paja zitenje zonse zinali kumtunda. M'nyumba mwake madzulo aja chinali pakhomo, pafupi ndi pakamwa pa Augustino. Kwa Lucky chinali pakhomo, kwa Fatsani chinali m'chiuno mwa mkazi wake. Mudzi wonse unkasaka kazitape uku utamuvala, utamufunda, utaberekeramo ana.

Anafuna kutsimikiza. Madzulo anabereka Glory ndi chitenjecho, nkumamugwedeza, akuyankhula monga amayi amayankhulira ndi makanda.

"Tonthola, mwanawe. Atate ako ali m'shedi ya thonje. Mawa tikawaona."

Shedi yakale yogulitsiramo thonje inali kumapeto kwa mudzi, yopanda munthu. Kutacha malata ake anali pansi, mizati itathyoka, mkukuluzi wonyowa uli ponseponse.

Tsopano ankadziwa, koma kudziwako sikunamutsegulire njira. Akanauza ndani? Mkazi aliyense m'mudzimo anali ndi khutulo m'chiuno kapena kumsana. Munthu sungauze mnzako kuti vula kaye ndikuuze nkhani, makamaka iwe amene akukutcha kazitape. Padoko, malo okhawo opanda khutu, anali atamuletsa. Kuotcha zitenje zake kukanangodziwitsa mwiniwake kuti wina wazindikira.

Anakauza Augustino. Anamupeza akunjenjemera ndi malungo, milomo itasweka, maso ali psuu.

"Ndi chitenje, bambo a Glory. Chija cha pakhomo. Chimamva."

Augustino anaseka mpaka kutsokomola.

"Masiku onsewa wakhala ukuganiza, bodza lake lomweli? Nsalu?"

"Ndaliona khutu likugwedezeka."

"Siya mbaleyo uzipita."

Madzulo a tsiku lomwelo Dennis anamupeza akutsuka miphika kuseri kwa nyumba. Anaima kanthawi, akukumba pansi ndi nsonga ya nsapato.

"Bwana atopa," anatero. "Msonkhano wawo waukulu uli pafupi, sakufuna mboni ikupuma. Akuti Lamulungu madzulo aimasula ng'ona ija ilowe m'dambo monse, bango ndi bango. Ikalowa, ine ndilibe mawu."

Evelesi anatsegula pakamwa kuti apemphe. Akanati achimwene, chotsani anyamata pa doko la Ruo usiku umodzi wokha, alamu anu awoloke apite kwawo. Mwina Dennis akanalola. Koma maso ake anagwera pa malaya a mlongo wakeyo. Anali osokedwa ndi nsalu yomweyo, khutu lili pachifuwa penipeni. Dennis ankangolandira mawu kwa bwana wake, sankadziwa kuti bwanayo amamvera pati.

"Ndamva, achimwene," ndi zokhazo zimene ananena.

Dennis anamugwira pamutu monga ankachitira ali kamtsikana.

"Ukuwonda, mlongo. Uzidya."

Evelesi sanadye. Anakhala akuganiza, ndipo maganizo onse ankabwerera pamalo amodzi. Pa doko la Ruo panali alonda chifukwa Dennis anawaika. Popanda Dennis anyamata aja analibe mutu. Ndipo bwana ankakhulupirira chilichonse chimene chitenje chamva. Anadziuza kuti bwana angomukwapula Dennis, kapena kumuthamangitsa pantchito. Anadziuza zimenezi mobwerezabwereza mpaka zinayamba kumveka ngati zoona, chonsecho mchenga wa m'kamwa mwa Lucky anali atauona ndi maso ake.

Kuchigwa mkazi sadandaula pabwalo, amadandaulira mumtondo. Zimene sanganene pamaso pa mwamuna kapena apongozi amaziika m'nyimbo, munsi nkumavomera, ndipo aliyense amadziwa kuti za pamtondo zimachokera pansi pa mtima. Lachisanu masana Evelesi anamanga chitenje cha bwana zolimba, khutu lili pamimba. Anathira mchewere mumtondo, nkuyamba kusinja.

"Achimwene a Dennis, mwandilemetsa mtima,
alamu anu mwawabisa ndinu, mboni yanu yogulitsa.
Masana mudya kwa bwana, madzulo kwa mayi uja,
ine ndisinje, ndisinje, ndilibe pakamwa."

Anaimba mobwereza mpaka mchewere unasalala, misozi ikugwera mumtondo momwemo. Pamimba pake pankafunda.

Loweruka m'bandakucha anamupeza Dennis pa doko la Ruo, atakhala m'boti lake, dzanja lili pa chogwirira cha injini ngati akufuna kunyamuka. M'kamwa munali mchenga. Kuyambira m'chiuno kutsika kunalibe kanthu. Anyamata ake anataya zikwanje nkubalalika, ena mpaka kukabisala kunsi kwa mabedi a amayi awo, amuna omwe aja ankanjenjemeretsa Bangula yense.

Evelesi sanalire nthawi yomweyo. Anavala chitenje chakale chija nkuthamangira kudambo.

"A Dennis amwalira. Padoko palibe munthu. Mawa mudzi wonse ukhala kumanda, inu mutenge mwadiya muwoloke, mupite kwa abale anu. Musacheuke."

Augustino anamuyang'ana kumaso, koyamba chithawireni.

"Amwalira bwanji?"

"Mchenga."

Augustino anatembenukira kumadzi.

"Anandichenjeza munthu uja," anatero.

Mawa lake Evelesi anakhala pasiwa pakati pa amayi, ndipo tsopano analira zenizeni, kulira kumene ngakhale omuda aja anachita nako mantha. Anapha mlongo wake ndi nyimbo, ndipo panalibe munthu woti amuululire. Pansi pa kulirako panali kachitonthozo kamodzi kokha, koti pofika nthawi imeneyo Augustino anali kutsidya.

Augustino anapalasadi mpaka pakati pa Ruo. Kumeneko mphepo inamubweretsera nyimbo ya maliro. Iye anali mkamwini pamudzipo, ankalima munda wa banja limenelo, ndipo womwalirayo ndi amene anamulandira tsiku lofunsira mbeta. Mkamwini amene sanagwire khasu pa manda a mlamu wake angadzamuuze chiyani mwana wake akakula? Ngakhale abale ake a kutsidya akanamufunsa kuti wasiya maliro ndi yani. Ndiponso, iye anaganiza, amene ankamusaka ndi amene akuikidwayo. Anatembenuza mwadiya.

Anthu atafika kumanda, Evelesi anaona mutu wa mwamuna wake ukutuluka m'dzenje, khasu lili m'manja, akumalizitsa kukumba pamodzi ndi adzukulu. Evelesi anagwa pansi. Amayi anamugwira, akuganiza kuti ndi chisoni.

Bwana Miracle analipo. Bokosi anabweretsa ndiye, loyera, la zogwirira zonyezimira. Anayankhula za Dennis ngati mwana wake wobala yekha, napukuta m'maso. Mwambo utatha, anthu akusamba m'manja, anatuma munthu kuti amuitanire Evelesi patsinde pa mtengo wa msangu, poduka mphepo. Anali munthu wamfupi, wa mawu ofewa, wonunkhira mafuta odula, koma pansi pa mafutawo panali fungo lija la matope. Nthawi ndi nthawi ankapukuta khutu lake lakumanzere ndi kampango. Evelesi atagwada, bwanayo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya pamtondo ija, osaphonya ndi pamodzi pomwe.

"Mumaimba bwino, mayi," anatero. "Koma nyimbo yake yabodza. Dennis analibe nzeru zondigulitsa."

"Nanga munawapheranji?"

"Munandipatsa ndinu. Anali atayamba kundipempha zambiri, za alamu, za chifundo. Ndinkasowa poyambira." Anapinda kampango kaja bwinobwino. "Za shedi ya thonje zija ndinakayika. Nyimboyi ndiye yanditsimikizira. Munthu sanamiza nsalu pokhapokha atadziwa kuti imamva. M'dera lonseli mwadziwa ndinu nokha, ndipo munthu wotero sindimutaya."

Anayang'ana kumene Augustino ankatsuka khasu.

"Bambo awo akhale moyo kapena ayi, zili ndi inu. Aziyendetsa boti langa, avale malaya anga. Inu mukhala mkulu wa amayi anga. Kwabwera mabelo atsopano a zitenje, midzi ya kumtunda sinalandire. Koma mumvetse. Nkhani ya nsaluyi ili m'kamwa mumodzi. Tsiku limene pakamwa pena padzaitchule, ngakhale mongofunsa, pakamwa pamenepo padzadya mchenga. Ndipo amuna anu mukuwadziwa, akakhulupirira chinthu sachisunga."

"Ndamva, bwana."

"Munthu akapatsidwa ntchito amatani?"

"Takhuta, tathokoza, bwana."

Tsiku la msonkhano Evelesi anaima pansanja, mabelo ali kumapazi kwake, mzere wa amayi utafika mpaka kumjigo. Ankafunyulula chitenje chilichonse, nkuchipereka ndi manja awiri. Rosa naye anabwera, poti ana ake analibe chofunda. Analandira osamuyang'ana, nalavula pansi. Evelesi anafuna kuchigwiritsa chitenjecho, osachisiya, koma zala zake zinatseguka zokha, ndipo Rosa anachimanga m'chiuno pomwepo.

Madzi anaphwa, msewu unatseguka, koma palibe anapita ku Chiromo. Augustino malungo anamusiya. Ankadzuka, nkuvala malaya a bwana, nkupita kuboti, madzulo nkubwera. M'nyumba ankayankhula za mchere ndi za Glory basi.

Tsiku lina madzulo akudya, Augustino anasiya mbale ili pakati. Anali akumuyang'ana mkazi wake mwa mtundu wina, mmene ankamuyang'anira kale.

"Evelesi," anatero, mawu ali ofewa. "Lero ndinagwera m'madzi. Malaya onse auma, koma apa." Anaika dzanja pachifuwa. "Ndakhala ndikuganiza zija unandiuza kudambo. Mwina ndinakulakwira, mkazi wanga. Unati chija cha pakhomo..."

"Ndinanama."

Anamudula mokweza, kuti chitenje cha pakhomo chimve bwino. Mawu amene anawalakalaka nthawi yonseyi anali atafika pakamwa pa mwamuna wake, ndipo iye anawabweza yekha.

"Ndinanama, bambo a Glory. Ndinauza achimwene ndine, m'mawa uja musanadzuke. Ndinakugulitsani ndine. Udindo uwu mukuuonawu ndi malipiro anga."

Dzanja la Augustino linachoka pachifuwa pang'onopang'ono.

"Pyadidi, chabwino," anatero.

Anasamba m'manja, anatenga Glory pamiyendo pa mayi ake, nkukakhala naye pakona atafulatira. Evelesi anatsala ndi mbale ziwiri, akumvetsera kupuma kwa mwamuna wake. Anali moyo. Mawa adzadzuka ali moyo, akumuda, mkuja chimodzimodzi, ndipo ntchito ya Evelesi tsopano inali kuonetsetsa kuti chidanicho chisathe.